Funsani Aphunzitsi: Kodi ku London n'kutali bwanji kuchoka pa Lilongwe?

Makalata a mwezi uno ambiri akufunsa za maulendo a pandege. Ndasankhapo atatu, onse ochokera m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ya mayi a ku Lizulu ndiyiyankha motalikirapo, chifukwa funso lawo lili m'makomo ambiri masiku ano pamene ana athu, anamwino ndi ophunzira, akupita kunja.

FUNSO: Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi ndi namwino ndipo wapeza ntchito ku England. Anyamuka mwezi wamawa. Tikiti yake ikuonetsa kuti adzachoka pa Lilongwe masana, kukafika ku Ethiopia usiku, kenako ku London m'mawa wa tsiku lotsatira. Alamu anga akuti bola akanadzera ku Joni chifukwa mtengo wake ndi wotsikirapo. Ine mtima suli m'malo. Kodi ku London n'kutali bwanji kwenikweni? Bwanji ndege siingopita komweko osayamba yakhotera kwa eni? Nanga akapanda kuimba foni, ndiyambe kuda nkhawa nthawi yanji? Ndimafunanso kumupakirako kachewere ndi usipa.
Mayi wogulitsa kachewere, Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Mayi, choyamba landirani ulemu wanga. Kuphunzitsa mwana mpaka kukhala namwino ndi ndalama za pamsika wa Lizulu, kupirira mphepo ya pamenepo m'mawa uliwonse, si ntchito yamasewera.

Kuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la Heathrow ku London, mutawongola njira osakhotera kwina kulikonse, pali makilomita pafupifupi 8,000. Msewu wa Lilongwe kupita ku Blantyre, womwe umadutsa pamsika panu pomwepo, ndi wa makilomita 310 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti mtunda wa ku London ukufanana ndi kupita ku Blantyre n'kubwerako maulendo 13. Dziko lapansi kulizungulira lonse ndi makilomita 40,000, choncho mwana wanu akukakhala pa gawo limodzi mwa magawo asanu a ulendo umenewo. N'kutali ndithu, ndisakunamizeni. Koma ndege zikuluzikulu zimathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola, zili m'mwamba mamita 10,000 mpaka 12,000, kumene kuli ngati kusanjikiza phiri la Dedza kasanu. Pakanakhala ndege yochoka pa Lilongwe osatera pena paliponse, bwenzi ikufika m'maola 10.

Ndege yoteroyo palibe pakadali pano, ndipo ine zimandipweteka. Akuluakulu anzanga akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 kampani ya Air Malawi inali ndi ndege ya mtundu wa VC10 imene inkanyamula anthu kuchokera pa Chileka mpaka ku London. Air Malawi inatha mu 2013, ndipo mu 2014 inayamba kuuluka kampani imene lero tikuitcha Malawi Airlines, yomwe boma lathu lili ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49. Ndege zake ndi za maulendo a m'chigawo chino cha Africa, ku Johannesburg, Lusaka, Dar es Salaam, Nairobi ndi kwina kotero. Sizingauluke makilomita 8,000 osatera kuti zimwe mafuta. Zimene zimatha kutero, monga Boeing 787 ndi Airbus A350, zimanyamula anthu 250 kapena 300, ndipo kampani imafuna mipando imeneyo idzaze tsiku ndi tsiku, popita ndi pobwera pomwe. Anthu opita ku London ochokera ku Malawi okha sakwana. N'chifukwa chake amasonkhanitsa a ku Lilongwe, a ku Lusaka, a ku Harare, a ku Maputo ndi a ku Lubumbashi pa bwalo limodzi, la Bole ku Addis Ababa, n'kuwakweza ndege imodzi yaikulu usiku. Kukhotera kwa eni kumene mukufunsako gwero lake ndi limeneli.

Tsopano tiwerenge ulendo wa mwana wanu mmene udzayendere. Lilongwe kukafika ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,600, maola anayi kapena kucheperapo pang'ono. Addis Ababa kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 5,900, maola 8. Zonse pamodzi ndi makilomita 8,500 ndi maola 12 ali m'mwamba. Kukhotako kwangowonjezera makilomita 500 basi, chifukwa Ethiopia ili kumpoto, kumene ndegeyo imayenera kulowera kale.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi nthawi zolembedwa pa tikiti. Nthawi iliyonse pa tikiti ndi ya dziko limene ndege ili pa nthawiyo, osati ya kwathu kuno. Wotchi ya ku Ethiopia ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. Ya ku England ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola awiri m'miyezi yawo yozizira, ndipo kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October imatsalira ndi ola limodzi lokha, chifukwa iwo amasuntha mawotchi awo kawiri pachaka. Tiyerekeze kuti ndege yanyamuka pa Lumbadzi 3 koloko masana. Idzatera ku Addis Ababa wotchi yanu ili pa 7 koloko madzulo, kumeneko ili 8. Mwana wanu adzadikira maola ngati asanu. Ndege ya ku London ikanyamuka 1 koloko usiku nthawi ya kumeneko, kwanu kudzakhala kuli pakati pa usiku penipeni. Onjezani maola 8, ndiye kuti idzatera inu mutayala kale kachewere, 8 koloko m'mawa, pamene ku London ili 6 kapena 7. Kuchoka pa Lumbadzi mpaka kuponda nthaka ya England apita maola 17.

Ndiye foni musayiyembekezere 8 koloko yomweyo. Akatsika pali mzere wa oona za mapasipoti, ndipo kwa munthu wolowa koyamba ndi viza ya ntchito mafunso amakhalapo. Kenako adikire zikwama, apeze omulandira, apezenso intaneti chifukwa layini yake ya kuno ikhoza kukhala isakugwira. Mpaka 11 koloko ya kwathu, chete wake asakutayitseni mtima. Chimene ndingapemphe n'chakuti m'bale wina wodziwa foni alembe nambala ya ndege imene ili pa tikiti, zilembo ziwiri ndi manambala otsatira. Akailemba pa intaneti adzaona ngati ndegeyo yanyamuka, pamene yafika ndi nthawi imene yatera. Zimenezi zimaziziritsa mtima kuposa kukhalira kuyang'ana foni.

Za alamu anu. Ndalama ndi nkhani yeniyeni, ndipo sindikuwanyoza. Koma Johannesburg ili kummwera, makilomita pafupifupi 1,500 kuchoka pa Lilongwe. Mwana wanu angayambe wabwerera m'mbuyo maola awiri ndi theka, kenako n'kuuluka makilomita 9,000 kupita kumpoto kwa maola 11. Zonse pamodzi ndi makilomita 10,500, kuposa njira ya ku Ethiopia ndi makilomita 2,000. Njira yaifupi kwambiri ndi yodzera ku Nairobi, imene ili ndi makilomita pafupifupi 1,400 kenako 6,800. Komabe ine posankhira munthu wokwera ndege koyamba sindiyamba n'kuwerenga makilomita. Ndimayamba ndafunsa ngati ulendo wonsewo uli pa tikiti imodzi. Mitengo yambiri yotsika imakhala ya matikiti awiri osiyana, ya kampani ina mpaka ku Joni, ya kampani inanso mpaka ku London. Zikatero, ndege yoyamba ikachedwa n'kuphonya yachiwiri, kampani yachiwiriyo ilibe nanu mangawa, mugula tikiti ina ndi ndalama zanu. Zikwamanso mumazitenga nokha pakati pa ulendo n'kukazipereka kachiwiri. Pa tikiti imodzi, kampani ndiyo imakupezerani ndege ina, ndipo zikwama mumazipereka pa Lumbadzi n'kukazipeza ku London. Funso langa lachiwiri limakhala la nthawi yodikira posintha ndege. Maola atatu mpaka asanu ndi abwino. Ola limodzi ndi lochepa kwa munthu amene sanaonepo bwalo lalikulu, ndipo maola 15 pabenchi amatopetsa kuposa ulendo weniweniwo. Tikiti imene mwana wanu ali nayo ndi yabwino, asaisinthe.

Ulendo umayambira pakhomo, osati pa Lumbadzi. Kuchoka ku Lizulu kukafika pa bwalo la ndege ndi makilomita pafupifupi 150, ndipo ayenera kukhala atafika maola atatu ndege isananyamuke. Minibasi yoima pa Bembeke, pa Dedza, pa Linthipe, pa Nathenje, kuwonjezera ma rodibuloko ndi kuchulukana kwa magalimoto m'tauni, siyodalira pa tsiku ngati limeneli. Akagone ku Lilongwe kwa achibale dzulo lake.

Juzi asaiike m'sutikesi, aigwire kumanja. Bwalo la Bole lili pamtunda wa mamita opitirira 2,300 kuchoka pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198. Usiku wa kumeneko mwana wa ku Lizulu adzauzindikira. M'ndege azimwa madzi pafupipafupi ndipo aziimirira n'kuyendako pang'ono, kuti magazi asaundane m'miyendo. Poti ndi namwino, izi akuzidziwa kuposa ine.

Kachewereyo asiyeni, mayi. Dziko la Britain sililola munthu wochokera kuno kulowa ndi nyama kapena zamkaka, ndipo mbatata, zipatso zambiri ndi ndiwo zamasamba zimafuna chikalata cha boma chotsimikizira kuti zilibe matenda a mbewu. Popanda chikalatacho amalanda. Usipa wouma amalola. Muumange bwino m'mapepala apulasitiki angapo kuti fungo lisalowe m'zovala, ndipo muyeze chikwamacho pa sikelo ya pamsika, chifukwa matikiti ambiri a maulendo ataliatali amalola makilogalamu 23 pa chikwama chimodzi, ndipo zopitirira apo amalipiritsa mtengo wowawa.

FUNSO: Aphunzitsi, ndili Fomu 3. Ndinayeza ndi rula pa mapu a dziko lonse a m'kalasi mwathu kuchoka pa Lilongwe kukafika ku London, koma nambala imene ndinapeza ikusiyana ndi ya pa intaneti. Pa intaneti pomweponso pena alemba 8,000, pena 5,000, pena 4,300. Amalume anga akuti pa kanema wa m'ndege njira imaoneka yokhota ngati uta. Kodi oyendetsa ndege amazungulira dala?
Mnyamata wa kusekondale, Dedza

YANKHO: Mwana wanga, wachita bwino kutenga rula n'kuyeza wekha. Ana ambiri amangoloweza, ndipo jogalafe yoloweza imatha tsiku la mayeso.

Manambala atatuwo onse ndi oona, akusiyana miyezo. 8,000 ndi makilomita. Mailo imodzi ndi makilomita 1.609, choncho mtunda womwewo ndi mamailo pafupifupi 5,000, ndipo umu ndi mmene amawerengera ku Britain ndi ku America. Oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi ali ndi mailo yawoyawo ya makilomita 1.852, ndipo ukagawa 8,000 ndi nambala imeneyi upeza 4,300. Ukaona nambala ya mtunda, uziyamba wayang'ana muyezo umene alemba pambali pake.

Rula yako sinalakwe, vuto lili pa mapu. Dziko ndi lobulungira, pepala ndi lafulati, ndipo palibe njira yoyalira chinthu chobulungira papepala popanda kuchikoka penapake. Mapu ambiri a m'makalasi amatsata njira ya Gerardus Mercator ya mu 1569, imene inkathandiza amalinyero kusunga mbali yolowera. Mapu amenewa amakulitsa maiko akutali ndi ikweta. Yang'ana Greenland: akuoneka ngati akulingana ndi Africa, chonsecho Africa ndi wamkulu kuposa Greenland ka 14. Sikelo yolembedwa pansi pa mapu otere imagwira bwino pa ikweta pokha, ndipo ukamakwera kupita ku Ulaya imayamba kunama.

Kuti uone chimene amalume ako anaona, tenga dzungu lobulungira bwino ndi ulusi. Ujambule mzere wozungulira pamimba pa dzungulo, ukhale ikweta. Uike timadontho tiwiri kumtunda, cha kufupi ndi phesi, kamodzi mbali ino, kena mbali inayo. Ukakoka ulusi pakati pa timadonthoto mpaka kukungika, uona kuti sukutsata mzere wa pamimba uja, ukukwera cha kuphesi n'kutsikira mbali inayo. Imeneyo ndiyo njira yaifupi kwambiri, ndipo ndi imene ndege zimafuna kutsata. Ukaijambula pa mapu afulati imaoneka ngati uta. N'chifukwa chake ndege yochoka ku London kupita ku Los Angeles imadutsa cha ku Greenland ndi kumpoto kwa Canada, ndipo yochoka ku Johannesburg kupita ku Sydney, ulendo wa makilomita pafupifupi 11,000, imatsikira kummwera kwenikweni, pamwamba pa nyanja yozizira ya kufupi ndi Antarctica. Njira ya Lilongwe ndi London siikhota kwambiri chifukwa ikuchoka kummwera kupita kumpoto. Ikanadutsa pa Zambia, Congo, Chad, Libya, nyanja ya Mediterranean ndi France.

Ukhoza kuyesanso ndi masamu. Digiri imodzi ya latitudi ndi makilomita pafupifupi 111. Lilongwe ali pa madigiri 14 kummwera kwa ikweta, London ali pa 51 ndi theka kumpoto. Ukaphatikiza upeza madigiri 65 ndi theka, ndipo ukachulukitsa ndi 111 upeza makilomita opitirira 7,200. Otsalawo akubwera chifukwa London ali kumadzulo kwa Lilongwe ndi madigiri 34.

Nthawi zina ndege zimazunguliradi, koma pa zifukwa zomveka. Nkhondo itayamba ku Sudan mu April 2023, mlengalenga mwa dzikolo munatsekedwa, ndipo ndege zambiri zochoka kum'mawa kwa Africa kupita ku Ulaya zinayamba kulambalala. Kuyambira mu February 2022 ndege za makampani a ku Ulaya sizidutsa pamwamba pa Russia, zimene zatalikitsa ulendo wa London ndi Tokyo ndi maola angapo. Palinso mphepo yamphamvu ya kumwamba imene imawomba kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa. Kuchoka ku New York kupita ku London, makilomita pafupifupi 5,500, ndege imatenga maola ngati 7, koma pobwerera imatenga pafupifupi 8, mtunda uli womwewo. Ngati pasukulu panu pali gulobu, pempha aphunzitsi ako aitulutse mu ofesi. Ndimadandaula ndikaona gulobu itakhala pamwamba pa kabati ikuchita fumbi, ana akuvutika ndi rula papepala.

FUNSO: Bambo, ndili ndi golosale ndi shopu ya zovala pa Ntcheu boma. Anzanga amapita kukapikula katundu ku Guangzhou, ndipo nanenso ndikufuna ndiyese. Tikiti imene andionetsa ikusonyeza kuti popita, kuchoka ku Addis Ababa, ndi maola oposa 15, koma pobwera ndi maola 6 okha. Kodi pobwera amadzera njira yachidule?
Wamalonda, Ntcheu boma

YANKHO: Achimwene, njira ndi yomweyo, ndi wotchi imene yakusokonezani. Kuchoka pa Lilongwe kukafika ku Guangzhou mowongoka ndi makilomita pafupifupi 9,600. Kudzera ku Addis Ababa ndi 2,600 kuwonjezera 8,000, zonse 10,600. Wotchi ya ku China ili patsogolo pa ya ku Ethiopia ndi maola asanu, ndipo pa yathu ndi maola 6. Popita, pa maola 15 ndi theka amene mukuona pa tikiti chotsanipo asanu, mutsala ndi 10 ndi theka. Pobwera, pa 6 aja onjezani asanu, akhala 11. Ulendo wobwera ndiwo wotalikirapo pang'ono, chifukwa ndege imalimbana ndi mphepo imene ndafotokozera mnyamata wa ku Dedza pamwambapa.

Maola 6 amenewa thupi limawamva. Mukafika, pakati pa usiku pa kumeneko thupi lanu lidzakhala likuti ndi 6 koloko madzulo, tulo sitidzabwera, ndipo m'mawa mudzadzuka mutu uli wolemera. Tsiku loyamba musagule kanthu. Yendani m'misika, funsani mitengo, lembani m'kabuku. Munthu watulo amavomera mtengo umene mawa lake akanaukana. Kunyumba muwauziretu kuti 8 koloko madzulo ya pa Ntcheu ndi 2 koloko usiku ku Guangzhou, ndiye nthawi yabwino yoimbirana ndi m'mawa kapena masana a kuno.

Posankha masiku, dziwani kuti mumzindawu mumachitika chionetsero chachikulu cha malonda chotchedwa Canton Fair kawiri pachaka, cha m'ma April mpaka May ndi cha m'ma October mpaka November, ndipo malo ogona amakwera mtengo nthawi imeneyo. Sabata za chaka chatsopano cha ku China, chimene chimagwa kumapeto kwa January kapena mu February, mashopu ndi mafakitale ambiri amatseka, mukhoza kufika n'kupeza zitseko zokhazokha.

Inu mudzabwera m'tsiku limodzi, koma katundu wanu wambiri adzabwera pa sitima yapamadzi, kudzera pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenako pa thiraki, ndipo zimenezi zimatenga masabata ambiri, nthawi zina miyezi iwiri kapena kuposerapo. Ngati mukufuna zovala za pa Khirisimasi zikhale m'shopu pa nthawi yake, ulendo wanu ukhale wa mu August kapena kumayambiriro kwa September, ndipo musiye ndalama yokwanira yolipirira msonkho katunduyo akafika pachipata.